Kodi labu ya pa yunivesite ingandiyezere chiponde changa?

Nachisale (Mufakose): Mwaswera bwanji abale nonse. Pepani ndilemba zambiri, nkhani yake yandisowetsa tulo. Ambiri mukudziwa kuti ndimapanga chiponde pakhomo, chaka chino n'chachinayi. Mtedza ndimapikula ku msika wa Mbare muno mu Harare, ndimakazinga ndekha mu mgolo, kenaka kumakina. Pa sabata ndimatulutsa mabotolo 150, ndipo amathera kutchalitchi, m'timashopu ta kuno kwathu ndi kwa amayi ogulitsa buledi. Tsono mwini sitolo ina yaikulu m'tauni analawa n'kuchikonda, koma akuti asanachiike pa shelefu ndim'patse pepala losonyeza kuti mulibe chuku. Ine pepala lotere sindinaligwirepo. Mwana wa achemwali anga akuti ku yunivesite kuli makina oyezera zakudya. Kodi munthu wamba wa geni ngati ine angafike pageti ndi botolo m'manja, iwo n'kumuyezera? Amalipiritsa? Nanga pepala lawolo a sitolo angalilandire?

Mayi a Yamikani (Mabvuku): Mwayi umenewo ndi waukulu aNachisale, musauope. Mwini sitoloyo akufunsa zoyenera. Achimwene a Mbewe ali kuti? Nkhani iyi ndi yawo.

Mwale (Glen View): Achemwali, a Mbewe asanabwere ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine, kuti musaponde pomwe ndinaponda. Ndimapanga sopo wamadzi wotsukira mbale. Zaka ziwiri zapitazo kampani ina yokonza m'maofesi inkafuna kumandigula m'migolo, nayonso inafuna pepala. Mnzanga anandilumikiza ndi munthu wa mu labu ya pa sukulu ina yaukachenjede. Tinakumana kunja kwa mpanda, ndinam'patsa botolo ndi ndalama m'manja, lisiti panalibe. Patatha masiku anayi anandibweretsera pepala la manambala okhaokha, lopanda chidindo, lopanda siginecha, ngakhale dzina la sukuluyo panalibe. A kampani aja anangoliyang'ana n'kundibwezera. Nditabwerera kwa munthu uja anati chidindo sangaike chifukwa ntchitoyo sinalembedwe m'buku. Ndalama zinapita, oda nayo inapita. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa, chifukwa oda ija ikanalipirira ana awiri fizi chaka chonse.

Mbewe (Marlborough): Ndafika, pepani ndinali ndi ophunzira mpaka madzulo. Ndagwira ntchito mu labu ya zakudya pa yunivesite ina kwa zaka 11, ndiye ndiyankha zomwe ndimaziona ndi maso.

ANachisale, n'zotheka. Ndipo akakuyezerani sikuti akukukomerani mtima, ndi ntchito yomwe mayunivesite a boma kuno anapatsidwa. Kale ntchito za yunivesite zinali zitatu: kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu. Pa nthawi ya nduna Amon Murwira boma linaonjezapo ziwiri, kupeka zatsopano ndi kuzifikitsa ku fakitale. Education 5.0 yomwe mumaimva pa wailesi ndi imeneyo. Nyumba zija amazitcha innovation hub, za ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ku Harare Institute of Technology (HIT) ku Belvedere, ku Chinhoyi, ku Gweru ndi ku Bulawayo, anamangira zomwezi. Mukumbukira mu 2020 Covid itavuta, sanitaiza ndi mamasiki ankapangidwa m'mayunivesite. Choncho musadzione ngati mlendo pageti.

Koma lowerani khomo lakutsogolo. Zomwe zinawaonekera a Mwale zimachitika, ndipo zimatiipitsira mbiri tonse a m'malabu. Lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti, munene chomwe mukufuna kuti ayeze. Iwo akupatseni mtengo wolembedwa, mulipire ku ofesi ya zachuma kapena ku banki, musunge lisiti. Botolo lanu likalandiridwa alipatse nambala ndi kulilemba m'buku, ndipo zotsatira zibwere pa pepala la yunivesite, losainidwa. Munthu akakuuzani kuti mukumane pa siteji ya makombi, bwererani.

Nachisale (Mufakose): Zikomo achimwene. Ndiye ndikatero basi zatheka, ndikapereke pepalalo kusitolo?

Mbewe (Marlborough): Ayi, imani kaye, apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Musanalipire kulikonse, bwererani kwa mwini sitoloyo mumufunse kuti amalandira pepala la labu yotani. Masitolo akuluakulu ndi ogula akunja kawirikawiri amafuna labu yovomerezeka pa muyezo wotchedwa ISO/IEC 17025. M'chigawo chathu chino amene amavomereza malabu a maiko ambiri ndi a SADCAS, likulu lawo lili ku Gaborone. Chilolezocho sachipereka kwa nyumba yonse, amachipereka pa kayezedwe kamodzikamodzi. Labu itha kukhala yovomerezeka kuyeza madzi koma osati chuku cha mu mtedza. Labu yophunzitsira itha kukhala ndi makina abwino ndi anthu odziwa ntchito, koma chilolezocho ilibe, chifukwa kuchisunga kumadya ndalama chaka ndi chaka. Mufunse mosachita manyazi: kodi pa aflatoxin, poizoni wa chukuyo, ndinu ovomerezeka?

Komanso yunivesite si khomo lokhalo mu Harare muno. Kuli a Standards Association of Zimbabwe, omwe alipo kuyambira 1957, ntchito yawo ikufanana ndi ya Malawi Bureau of Standards kumudzi. Kuli SIRDC ku Hatcliffe, yomwe boma linakhazikitsa mu 1993 kuti izifufuzira mafakitale. Kulinso labu ya boma ya Government Analyst. Funsani konseko, muyerekeze.

Ineyo ndimaona chonchi: pepala loonetsa wogula mukalitenge komwe wogulayo amakhulupirira. Ku yunivesite bwerani kuti mudziwe chomwe chikuchitika mu mgolo mwanumo ndi mmene mungachikonzere. Labu ya malonda imakupatsani nambala n'kutseka faelo. Ife titha kukhala nanu pansi n'kufufuza komwe nambalayo yachokera.

Kamwendo (Mbare): Achimwene a Mbewe, mwalongosola bwino koma pali pomwe sindikumvetsa. Makinawo anagulidwa ndi misonkho ya anthu kapena ndi thandizo lochokera kunja, malipiro anu amachokera ku boma. Mayi wa mabotolo 150 alipirenji? Kampani yaikulu ilipire, inde, koma wa geni? Ine ndamva kuti makina ena amangokhala ataphimbidwa ndi nsalu miyezi.

Mbewe (Marlborough): A Kamwendo, funso lanu si lolakwika. Makina ophimbidwa ndi nsalu alipodi, koma dziwani chifukwa chake. Tengani makina otchedwa HPLC, omwe timayezera chuku mwatsatanetsatane. Kugula makinawo ndi chiyambi chabe. Tsiku lililonse akamagwira ntchito amamwa mankhwala oyera kwambiri monga methanol ndi acetonitrile. Sampulo iliyonse imadutsa mu kachubu kosefera komwe kamagwira ntchito kamodzi basi n'kutayidwa, ndipo timachubuto timasungidwa mu furiji komanso timatha mphamvu tikakhalitsa. Pamafunikanso aflatoxin weniweni wodziwika mlingo wake, woyerekezera. Zonsezi timaitanitsa kunja ndipo ogulitsa amafuna madola a ku America. Makina akadwala, kwathu wokonza timamuitanitsa ku Johannesburg. Amene anapereka makinawo anapereka kamodzi, projekiti yawo inatha, anapita.

Ndiye pali magetsi. Chakumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Magetsi akathima makina ali mkati mwa ntchito, zonse zimayambiranso, mankhwala aja atapita. Jenereta imafuna dizilo. Nsalu ija imaphimba makina omwe alibe chakudya. Ndalama ya aNachisale ikalowa m'buku, ndi yomwe imavundukula nsaluyo.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pamtengo. Wa mabotolo 150 asalipire mofanana ndi wa fakitale ya ku Workington. Ndakhala ndikunena zimenezi m'misonkhano yathu.

Tadala (Dzivarasekwa): Akuluakulu, ndiloleni ndilankhuleko monga wophunzira, chifukwa mbali yathu simveka kawirikawiri. Ndikupanga digiri yachiwiri ya sayansi ya zakudya. Chaka chatha ndinali ndi masampulo 60 a ufa wa mapira omwe ndinatolera ndi ndalama za mayi anga. Ndinalembetsa pa ndandanda wa makina, tsiku langa linadziwika. Sabata imeneyo kunabwera ntchito ya kampani ina, ndipo anandiuza kuti ndidikire chifukwa iwo alipira ndipo ali ndi tsiku lotumizira katundu. Ndinadikira masabata asanu. Masampulo ena anaonongeka mu furiji magetsi atavuta, ndipo ndinaphonya tsiku lopereka pepala langa. Zimenezo zikutanthauza fizi ya teremu ina. Inenso ndinalipira, kungoti ndalama yanga imatchedwa fizi. Sindikutsutsa kuti amalonda abwere, koma yunivesite ikayamba kuona wophunzira ngati wosokoneza makasitomala, ndiye kuti yasanduka chinthu china.

Mbewe (Marlborough): Mwanangu Tadala, zimenezo siziyenera kuchitika, ndipo sindingaziikire kumbuyo. Kuli malabu omwe amagawa masiku: ena a ophunzira, ena a ntchito za kunja, ndipo ndandanda umapachikidwa pachitseko kuti aliyense aone. Pomwe palibe lamulo lolembedwa, wa ndalama m'manja ndiye amapambana nthawi zonse. Koma ndikufunse, mankhwala omwe unayezera masampulo otsalawo anagulidwa ndi ndalama ziti?

Tadala (Dzivarasekwa): Ndikudziwa bambo, anagulidwa ndi ndalama za kampani yomweyo. Anandiuza a mu labu. N'chifukwa chake nkhaniyi imandivuta, sindingathe kukwiya mpaka pamapeto. Chomwe ndikupempha ndi chakuti ndalamazo zizioneka komwe zapita. Gawo lina lizitsala mu labu yomwe yagwira ntchito, osati zonse kumira ku likulu labu n'kutsala ikupempha magolovesi.

Agogo Phiri (Highfield): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga akundilembera. Bambo anga anachoka ku Dedza pa malole a Ulere kudzafuna ntchito kuno, ndipo anakhala zaka zambiri akudula kapinga ndi kuthirira maluwa m'nyumba za ku Mount Pleasant. University of Zimbabwe mukuinenayi ndinaiona ili yatsopano. Mwala wa maziko anaika ndi Queen Mother mu 1953, ophunzira anayamba mu 1957, ndipo dzina lake linali University College of Rhodesia and Nyasaland. Mwamva? Dzina la kwathu linali pamenepo. Inali koleji ya maiko onse atatu a chitaganya, chifukwa ku Nyasaland kunalibe yunivesite mpaka ya Malawi itatsegulidwa mu 1965. Koma bambo anga ankangoiona podutsa pa njinga. Sanaganizepo kuti munthu wa manja a dothi angalowemo kukafunsa nzeru. Lero ndikumva kuti mwana wa kwathu akufuna kulowa ndi chiponde chake. Mwanangu Nachisale, pita. Vala bwino, nyamula kalata yako, ukalankhule mosagwetsa nkhope. Ndipo inu a Mbewe, mwana uyu Tadala musamuiwale. Nayenso makolo ake anavutika kuti alowe pageti limenelo.

Nachisale (Mufakose): Agogo mwandiliza. Ndipita ndithu.

Nankhoma (Belvedere): Ine ndimagwira ntchito ya mapangano a makampani, ndiye ndionjezepo mbali yomwe sinatchulidwe. Kuyezetsa ndi kufufuzira limodzi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukapereka botolo, mwalipira, akupatsani nambala, zotsatirazo ndi zanu, ngakhale ndi bwino zilembedwe kuti sadzazionetsa kwa wina popanda chilolezo chanu. Koma mukati "ndithandizeni kuti mafuta asamayandame pamwamba" kapena "tipange chiponde chosakaniza ndi malambe", mwalowa mu kafukufuku. Chikatuluka chatsopano, mwini wake ndani? Inu amene munabwera ndi ganizo, mphunzitsi, wophunzira, kapena yunivesite yomwe ndi mwini makina? Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake pa zimenezi, apempheni muwerenge musanayambe.

Si nkhani yaing'ono. Chakumwa chija cha Gatorade chinapangidwa mu 1965 ndi madokotala a pa University of Florida, motsogozedwa ndi Robert Cade. Chitayamba kubweretsa ndalama panabuka mlandu, ndipo mu 1973 anagwirizana kuti yunivesite izilandira 20 peresenti ya ndalama za umwini. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo mu 1980, la Bayh-Dole, lolola mayunivesite kukhala eni a zomwe apeka ndi ndalama za boma. South Africa inakhazikitsa lake mu 2008. Ife tili ndi mwayi woti ARIPO, bungwe lolembetsa umwini wa zopekapeka m'maiko ambiri a mu Africa, likulu lake lili konkuno ku Belgravia. Pangano lake la mapatenti la 1982 limatchedwa Harare Protocol, ndipo Zimbabwe ndi Malawi onse ali momwemo.

Koma aNachisale, kwa inu patenti si chinthu choyamba. Patenti imakhala zaka 20 ndipo imafuna kuti muulule zonse poyera. Kasakanizidwe ka chakudya nthawi zambiri kamatetezeka bwino mukangosunga chinsinsi. Ngozi yanu ili apa: wophunzira akalemba pepala lake la digiri, limakasungidwa ku laibulale, mwinanso pa intaneti, aliyense n'kuwerenga. Ngati muli ndi kanthu kanu kapadera, mugwirizane msanga zomwe zilembedwe ndi zomwe zisalembedwe. Ndipo dzina ndi chizindikiro cha pa botolo lanu mukalembetse, chifukwa chiponde chikatchuka anthu amayamba kubera dzina osati mtedza.

Mwale (Glen View): Zimenezi ndikanazimva kale. Munthu uja ndinamuuza zonse zomwe ndimathira mu sopo wanga, popanda pepala lililonse.

Mayi a Yamikani (Mabvuku): Popeza tikukamba za chiponde, ife anamwino tili ndi umboni wa zomwe zimachitika ofufuza ndi opanga katundu akagwirana manja. Chiponde chija timapatsa ana onyentchera, cha m'timapaketi ta magalamu 92, chinapangidwa mu 1996 ndi dokotala wa ku France André Briend pamodzi ndi kampani ya Nutriset. Koma komwe anasonyeza kuti mayi atha kuchiritsa mwana wake kunyumba ndi chakudyachi, osagonekedwa m'chipatala, kwina kunali ku Blantyre, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pa kafukufuku wa dokotala Mark Manary ndi anzake a ku College of Medicine. Kuchokera apo chinayamba kupangidwa ku Malawi komweko ndi mtedza wa alimi athu, ndipo mu 2007 a WHO ndi UNICEF anavomereza njirayi padziko lonse. Ndaona ndi maso anga mwana wofika atangotsala mafupa akuyambanso kuseka patatha masabata ochepa. Opanga chiponde chimenecho amayeza chuku mosalekeza, chifukwa wodya ndi mwana wofooka kale. Chanu aNachisale amadyanso ndi ana, pa buledi wa m'mawa ndi m'phala. Ndiye pepalalo musalione ngati chopinga cha mwini sitolo chabe.

Nachisale (Mufakose): Mayi, ndikuvomera. Koma ndifunse, ine ndimakazinga mtedza mpaka kufiira. Moto umenewo suupha chukucho?

Mbewe (Marlborough): Ayi achemwali, ndipo ili ndi bodza lomwe lafala kwambiri. Moto umapha nkhungu yake, yotchedwa Aspergillus flavus, koma poizoni yemwe nkhunguyo yasiya mu mtedza amapirira kutentha. Kukazinga kumamuchepetsako pang'ono, sikumuthetsa. Saoneka, sanunkha, ndipo chiponde chitha kukoma bwinobwino ali momwemo. Anamutulukira mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku. Koma choopsa kwa ife ambiri ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka, chifukwa amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B.

Milingo yake ndi yaing'ono zedi, timawerenga magawo pa biliyoni. Ku Ulaya mtedza wodyedwa mwachindunji usapitirire magawo 4. Muyezo wa Codex, bungwe loika miyezo ya zakudya padziko lonse, pa mtedza wokakonzedwanso ndi 15, ku America ndi 20. Ndiye taganizani, njere zochepa zoola zitha kuipitsa thumba lonse. Apa ndi pomwe pamavuta kayezedwe. Mutatapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba, mutha kupeza kuti mulibe kanthu, pomwe pansi pali zoopsa. N'chifukwa chake a Codex amati pa mulu waukulu wa mtedza wosenda sampulo ikhale makilogalamu 20, otapidwa malo osiyanasiyana, n'kugayidwa pamodzi. Chiponde chili ndi ubwino woti chagayidwa kale n'kusakanikirana, koma botolo lomwe mwayezetsa likunena za mphika wa tsiku limenelo basi. Sabata yamawa mukagula kwa munthu wina, pepala lija silikunenanso za chiponde chatsopanocho.

Kamwendo (Mbare): Apa ndiye pafika panga, ine ndinakulira m'munda wa mtedza ku Mchinji, wa mitundu ya Chalimbana ndi CG7. Chuku chimayambira kumunda ndi pokolola. Mvula ikadula mtedza ukukhwima, makoko amang'ambika m'nthaka, nkhungu n'kulowa. Ena amaumika pa dothi, mvula n'kuuvumba. Alangizi a ku Chitedze ankatiphunzitsa kuunjika mapesi mozungulira, makoko kuloza mkati ndi mpata wa mphepo pakati, njira ija amaitcha Mandela cock. Koma choipitsitsa ndi kuwaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ndipo ogulitsa ena amanyowetsa dala kuti ulemere pa sikelo. Wonyowawo akauthira m'thumba la pulasitiki n'kumanga, masiku ochepa chuku chadzaza. Achemwali, pogula lumani njere. Wouma bwino umathetheka, wonyowa umafwafwanyika ngati mbatata. Ngati mungathe, gulani wa makoko kwa mlimi mmodzi kapena awiri a ku Murehwa kapena ku Mutoko omwe mukuwadziwa, muzisenda nokha. Pamsika thumba limodzi limakhala ndi mtedza wa minda isanu.

Mbewe (Marlborough): A Kamwendo anena zoona. Chinyezi cha mtedza wosunga chisapitirire 7 kapena 8 peresenti, ndipo kuyeza chinyezi n'kotsika mtengo, labu iliyonse ya zaulimi imatha. Palinso timapepala toyezera mwachangu tomwe timaonetsa ngati chuku chapitirira mlingo, osafuna HPLC. Wophunzira mmodzi atha kukuphunzitsani tsiku limodzi.

Nachisale (Mufakose): Abale, ndiulule chinthu chifukwa mtima wanga sukukhazikika. Ndimasankha mtedza ndisanakazinge, woola, wobooka ndi mphwephwa ndimachotsa. Koma sinditaya. Wooneka bwinoko ndimasinja nsinjiro zapakhomo, timathira m'ndiwo, wotsalawo ndimapatsa nkhuku. Zaka zinayi zonsezi. Ndiye kuti makasitomala ndimawapatsa wabwino, ana anga n'kumadya woopsawo?

Mayi a Yamikani (Mabvuku): Mwachita bwino kunena, ndipo simuli nokha, m'makomo ambiri ndi momwemo chifukwa kutaya chakudya kumatiwawa. Koma lekani lero lomwe. Wosankhidwawo ndi womwe uli ndi poizoni wambiri. Nkhuku nazo zimadwala nawo, zimasiya kukula ndi kuikira bwino, ndipo ng'ombe ikadya amatulukira mu mkaka. Kwirirani kapena tenthani. Musadzizunze ndi zomwe simunkadziwa. Mukadzapita ku kiliniki ndi ana, mukamuuze namwino nkhaniyi momwe mwatiuzira ife.

Agogo Phiri (Highfield): Safunsa anadya phula, mwanangu. Iwe wafunsa.

Tadala (Dzivarasekwa): Mayi Nachisale, ndaganizira usiku wonse. Ophunzira a chaka chomaliza kwathu amasowa mitu ya projekiti yokhudza anthu enieni, ambiri amangogula zinthu m'sitolo n'kuyeza. Wina atati atsate mtedza wanu kuchokera pogula, posankha, pokazinga mpaka m'botolo, n'kuyeza pa sitepe iliyonse, inu mungadziwe pomwe chuku chikulowera ndiponso kuti kusankha kwanu kumachotsa chochuluka bwanji. Iye apeza digiri, inu mupeza yankho. Mwina mungagule timachubu tija ndi mankhwala basi. Ndikalankhula ndi aphunzitsi anga Lolemba, koma zidutse mu ofesi monga anenera bambo Mbewe, ndipo zomwe anena aNankhoma za chinsinsi zilembedwe.

Nankhoma (Belvedere): Kalata ya pangano ya tsamba limodzi ndikulemberani ine, osalipira. Mulembemo kuti dzina la bizinesi yanu lisatchulidwe mu pepala la wophunzirayo popanda chilolezo chanu, makamaka ngati zotsatira zoyamba zituluke zoipa. Ndipo konzekerani mtima, zitha kutuluka zoipa. Zikatero musapemphe aliyense kuti asinthe nambala.

Nachisale (Mufakose): Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi zomwe ndapeza. Dzulo ndinapita kwa mwini sitolo uja. Akuti akufuna pepala la labu yovomerezeka, monga ananenera a Mbewe, ndipo osati kamodzi kokha, azifuna latsopano nthawi ndi nthawi. Akufunanso kuti pa botolo pakhale tsiku lopangira ndi nambala ya mphika. Ndikanathamangira kulipira ndisanafunse ndikanalira ngati a Mwale. Ndiye ndaganiza zoyamba ndi ku yunivesite kuti ndikonze kapangidwe kanga, ndikaona kuti manambala atsika ndipite kukatenga pepala la sitolo. Ndamupempha andidikire miyezi itatu, wavomera. Nsinjiro zija ndakwirira kuseri kwa nyumba. Ndagulanso kope lolembamo tsiku, komwe ndagula mtedza ndi mphika womwe walowa.

Kamwendo (Mbare): Mlimi wa ku Murehwa ndili naye, amaumika pa thandala. Loweruka akubwera ndi matumba a makoko, ndikusungirani awiri muone.

Mwale (Glen View): A Mbewe, kodi tikabwera angapo pamodzi mtengo ungatsike? Ine ndi sopo wanga, ndipo pali amayi awiri kuno kwathu opanga chiponde ndi mmodzi wa maheu a m'mabotolo.

Mbewe (Marlborough): A chiponde atatuwo inde, chifukwa makina akayatsidwa n'kukonzedwa, kuyeza masampulo khumi sikusiyana kwambiri ndi kuyeza awiri pa ntchito yokonzekera. Alembe kalata imodzi, aliyense ndi mabotolo ake olembedwa bwino. Sopo ndi maheu ndi kayezedwe kena, maheu amafuna labu ya tizilombo ndipo afike ozizira tsiku lomwelo. Pewani miyezi yomwe ophunzira akumaliza maprojekiti, makina amakhala odzaza ndipo sindikufuna kuti zomwe zinamuonekera Tadala zimuonekere mwana wina chifukwa cha ife. Nthawi ya tchuthi ndiye yabwino.

Nachisale (Mufakose): A Mwale, apatseni amayi awiriwo nambala yanga kumbali. ANankhoma, kalata ija ndilembe m'Chingerezi ndekha kenaka mundikonzere, kapena tikumane? Lachinayi masana ndimakhala m'tauni kukagula mabotolo.

Nankhoma (Belvedere): Lembani momwe mungathere, mubwere nayo Lachinayi pamodzi ndi kope lija. Tikumane 1 koloko.